Mmene a Dunstan Anagulitsira Mboni Yathu

Mukadzafika ku Sheffield n'kufunsa Mmalawi aliyense kuti a Dunstan Kamzati ndi ati, sadzakuyankhani ndi pakamwa. Adzangokweza chibwano, n'kukankha magalasi osaoneka ndi chala cha mkombaphala, kenako n'kutsokomola kawiri. Basi mwawadziwa. Ngakhale ana obadwira kuno, amene Chichewa chimawathera pa "ndili bwino", amatha kuwayerekeza bwinobwino.

Ine ndine Willie. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, osati chifukwa cha fizi ngati mmene anzanga ena amanamira, koma ine ndi masamu tinagwirizana mwamtendere kuti aliyense aone msana wa njira. Kuno ndimayendetsa kagalimoto konyamula amayi osamalira okalamba m'makomo. Ndimatula uyu pakhomo ili, kutenga uyo pakhomo lina, kukwera ndi kutsika zitunda za mzinda uno mpaka mabuleki kulira ngati mbuzi. Nkhani ya makompyuta imene ndikufuna kukuuzaniyi sindinaiwerenge m'buku. Ndinali mkati mwake, ndipo mbali ina ndinaiononga ndine.

A Dunstan anabadwira ku Zomba, bambo awo anali kalaliki wa pa boma. Anthu amati anabadwa atagwira kale ajenda m'manja. Anabwera kuno mu 2004 kudzachita digiri yachiwiri, n'kupeza ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi ku Leeds. Kutchalitchi ankati ndi katswiri woyang'anira makompyuta onse a kampaniyo. Munthu wina amene ankasesa maofesi omwewo anatiuza kuti ntchito yawo inali yothandiza amene aiwala pasiwedi. Ife sitinawafunse. Munthu wovala chingwe cha khadi la kuntchito ngakhale Lamlungu pa mgonero sumufunsa zinthu zotere.

Koma mphatso yawo yeniyeni inali utcheya. Gulu la abambo kutchalitchi, tcheya ndi iwo. Timu yathu ya mpira ya madala, tcheya ndi iwo, ngakhale mpira sanaukhudzepo ndi phazi chibadwire. Kukagwa zovuta, woyankhula ndi iwo, ndipo ndisaname, pa maliro amatha. Amayankhula mpaka iwe amene sumamudziwa malemuyo kuyamba kumusowa. Dzina lakuti Dunstan linafika poiwalika. Aliyense ankangoti a Tcheya, iwo n'kumavomera ngati ndi dzina la ubatizo.

Tsono mu 2013 kunachitika kanthu. Mayi Eneless, mmodzi mwa amene ndimawanyamula, munthu wamkulu wochokera ku Thyolo, ananamiziridwa kuti tsiku lina sanapite kukapatsa gogo wina wachizungu mankhwala a masana. Iwo anapita. Koma gogoyo mutu unali utayamba kuiwala, ndipo kabuku kosainira ka m'nyumbamo kanasowa. Ntchito imeneyi ndi yotero: umalowa wekha m'nyumba ya munthu, umatuluka wekha, palibe wokuona. Zikavuta, mawu ako amayezedwa ndi a banja la mzungu, ndipo sikelo yake mukuidziwa kumene imapendekera. Mayi Eneless anapulumuka chifukwa kabuku kaja kanapezeka m'firiji patapita sabata.

Nkhaniyi inamupweteka Asimenye, mtsikana wa ku Karonga amene amalemba mapulogalamu a kompyuta pa yunivesite ina mumzinda muno. Ndikuti mtsikana, koma anali ndi zaka makumi atatu ndi digiri ziwiri. Wosayankhulayankhula, akamapatsa moni wamkulu amapinda bondo ngakhale pa sitopu ya thiramu, kasitima kathu ka mumzinda, azungu n'kumaganiza kuti wagwetsa ndalama. Nyengo yonse yozizira ya chaka chimenecho anakhala akulemba kapulogalamu ka pa foni. Ukamalowa m'nyumba ya wokalamba umadina, ukamatuluka umadinanso. Foni imalemba malo ndi nthawi, n'kutseka moti ngakhale iwe mwini sungasinthe. Chachikulu n'chakuti zolembedwazo zimakhala m'foni mwako, osati kwa abwana. Anakatcha Mboni.

Mboni inali yaulere, komanso yotsegula. Asimenye anandifotokozera motere: mmene pulogalamuyo inalembedwera zili poyera pa intaneti, aliyense atha kuona, kukopera, kukonza, ngakhale kutenga n'kukayambitsa yake, bola asadzatsekere ena. Ndinati, "Ndiye ngati mjigo wa m'mudzi?" Anati, "Eya ankolo, kungoti mjigo uwu aliyense atha kunyamula wake kupita nawo kwawo, woyambawo n'kutsala pomwepo." Akuti padziko pali anthu zikwizikwi ogwira ntchito motere popanda malipiro, ndipo ali ndi malamulo awo ngati mpingo.

Pasanathe chaka Mboni inali m'mafoni a osamalira okalamba ku Sheffield, ku Leeds, ku Manchester, mpaka anzathu a ku Zimbabwe ndi a ku Philippines anailowa. Pamene pali anthu opitirira khumi, a Dunstan amanunkhiza. Anatulukira ndi chikwama, n'kunena kuti chinthu chabwino chotere chikufunika "structure". Anakhala tcheya. Dzina la Mboni linalembetsedwa mwa iwo, ndipo makiyi onse, aja olowera kumene pulogalamu imasungidwa ndi kumene anthu amaitenga, anapatsidwa iwo. Palibe amene anaona chachilendo. Kwathu kiyi wa nkhokwe amasunga wamkulu. Pa pulogalamu yeniyeniyo ndamva kuti anagwirapo ntchito kamodzi: anakonza sipeling'i ya dzina lawo.

Komiti inali ya anthu anayi: a Dunstan, Asimenye, a Percy a ku Leeds amene ankathandiza kulemba, ndi mzungu wina wa ku Bradford amene mayi ake anasamalidwa ndi Mmalawi mpaka kumwalira. Malamulo anakopera kwa magulu ena a mapulogalamu otsegula. Nkhani iliyonse imakambidwa pa listi, kutanthauza imelo imodzi yopita kwa onse imene aliyense padziko atha kuwerenga. Ndipo panali ndime yachisanu ndi chiwiri, muisunge: munthu akabweretsa ganizo pa listi, pakatha masiku khumi ndi anayi popanda wa komiti wolemba kuti ayi, ganizolo ladutsa. Kwa azungu chete ndi kuvomera.

A Dunstan anatembenuka mtima ngati Saulo. Laputopu yawo inadzala zomatamata za ufulu wa mapulogalamu. Ukawatumizira kalata yolembedwa ndi pulogalamu yogula, ankaibweza ndi ulaliki. Tsiku lina ndinawatengera ku Manchester kumsonkhano wa anthu a ndevu ndi majuzi akuda, kumene anakayankhula zotsutsa mapatenti. Patenti, kwa inu anzanga a Fomu 2, ndi chikalata cha boma chonena kuti nzeru yakutiyakuti ndi ya uje, wina asaigwiritse ntchito popanda chilolezo chake. A Dunstan anamenya tebulo. Anati kwathu ku Africa nzeru sitimangira mpanda. Anati wogula patenti kuti aziopseza anzake ali ngati munthu wotseka njira ya kumanda. Azungu anaimirira kuwomba m'manja, wina mpaka kupukuta misozi. Pobwerera anandifunsa katatu ngati ndinajambula bwino.

Mu 2016 kunabwera kalata. Inachokera ku kampani ina ya kutsidya kwa nyanja, imene sipanga kanthu kalikonse kogwirika koma kusunga mapatenti ndi maloya. Inati nzeru yotsimikizira ndi foni kuti wantchito anafika pamalo ndi yawo, ndiye Mboni ikuba.

Asimenye anaseka koyamba chimudziwireni. Anati alonda a m'masitolo ku Limbe ankayenda ndi wotchi yodinda nthawi pa ngodya iliyonse eni kampaniwo asanabadwe. Anafunsa maloya ena amene amathandiza magulu otere mwaulere, ndipo anamuuza zinthu ziwiri: patentiyo ndi yofooka, ndipo chilichonse chimene mungachite, musavomere kuti munalakwa, chifukwa mukavomera inu, kalata yomweyo ipita kwa ena onse opanga zofanana, itanyamula siginecha yanu ngati umboni.

A Dunstan anati aisiyire iwo. Anapita ku London kawiri. Ulendo woyamba anapita ndi juzi ya ufulu wa mapulogalamu. Wachiwiri anapita ndi suti yatsopano.

Lachisanu pa 29 Julaye anaika uthenga pa listi. Mutu wake unali wogonetsa tulo, zonena za kukonza ndondomeko, ndipo unali wautali masamba asanu ndi limodzi. Mzungu wa ku Bradford uja anali atanyamuka dzulo lake kukagona m'matenti kumapiri a ku Scotland kwa masabata atatu, kopanda netiweki. Aliyense ankadziwa, chifukwa anatsanzika pa listi pomwepo.

M'mawa mwake Asimenye anandipeza ndikutsuka galimoto. Maso ali psuu.

"Ankolo, a Tcheya agulitsa Mboni."

"Chinthu chaulere chimagulitsidwa bwanji? Wogulayo ndi wopusa kuposa ine?"

Anandifotokozera pang'onopang'ono. A Dunstan anagwirizana ndi kampani ija zinthu zitatu. Avomera m'dzina la gulu lonse kuti Mboni imagwiritsa ntchito nzeru ya eni patenti. Mboni ya m'manja mwa antchito ichotsedwa, pabwera ina yogulitsidwa kwa mabwana a maejensi, makampani olemba ntchito osamalira okalamba, kudzera ku kakampani katsopano ka a Dunstan, ndipo zolembedwa zonse zizipita kwa abwanawo. Kampani ija yalonjeza kuti ogula kwa a Dunstan sidzawasumira. Ena onse, kuphatikizapo amene analemba pulogalamuyo ndi manja ake, adziwa okha.

"Ndiye adzimangira ambulera ya munthu mmodzi," ndinatero.

"Ndi nsalu yathu, ankolo."

"Nanga si uli m'komiti? Lemba kuti ayi."

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti avule nsapato m'tchalitchi n'kugenda abusa.

"Ine? Ndilembe pamene dziko lonse likuwerenga kuti a Tcheya alakwa? Anthu amene anandilandira pa siteshoni tsiku limene ndinafika ndilibe ngakhale jekete? Bambo anga atamwalira anayendetsa mapemphero ndi iwo. Mayi anga akamva kuti ndayalutsa munthu wamkulu pamaso pa azungu, ndikalowera khomo liti? Ayi ankolo. Mupite ndinu. Mukawauze kumbali kuti mwana uja sakugwirizana nazo, achotse okha uthengawo ulemu wawo uli nawo."

Kunena zoona ndinaona kuti mwanayu analeredwa. Ndi mmene timachitira. Wamkulu akalakwa sumuwongola pabwalo, umatuma munthu. Ndipo a Percy nawonso anali atakana kale mwa njira yathu. A Percy ndi munthu amene a Tcheya akalemba chilichonse, ngakhale kungoti kunja kukugwa mvula, pasanathe mphindi zisanu ayankha kuti "Zikomo kwambiri a Tcheya." Ulendo uno, zii. Mmalawi aliyense amene anaona listi ija anadziwa kuti a Percy akukuwa.

Asimenye akuchoka anati, "Koma ankolo, pali masiku khumi ndi anayi."

Ine ndi nzeru zanga ndinayankha kuti, "Mwanawe, nkhani ya akulu siyendera kalendala." Mawu amenewa ndinawanena ndikumva kukoma m'kamwa.

Ndinapita Lachiwiri, nditavala jekete la maukwati. Mkazi wawo anatipatsa tiyi ndi masikono. Tinachita malonje onse: kunyumba, ana, kumudzi, mvula ya chaka chino, mavoti a azungu otuluka mu Ulaya, bondo langa. Nkhani yaikulu suyamba nayo tsiku loyamba ngati wapolisi. Potsanzika pakhomo ndinati, "A Tcheya, ndinali ndi kamawu kochokera kwa mwana wathu uja wa makompyuta, koma tidzaonanenso." Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

Ndinabwereranso Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Apa ndinayala nkhani, mozungulira pang'ono monga mwa mwambo. Ndinati ana akadandaula kuti denga likudontha, kholo silifunsa kuti walemba kalata ndani. Ndinati mwana uja mtima wake suli pamalo ndi zimene zalembedwa zija, a Percy nawonso mwaona nokha. A Dunstan anavula magalasi, kuwapukuta, kutsokomola kawiri.

"A Willie, ndamva. Ndipo ndathokoza kuti mwabwera mwa chikhalidwe chathu. Masiku ano ana ambiri akanangolemba pa intaneti, koma uyu ndi mwana wa munthu. Mumuuze asavutike kulemba kalikonse, tikonza ngati banja. Ndipatseni mpata ndisinkhesinkhe, ndipemphere. Mubwere Loweruka."

Ndinatuluka ndikuyenda ngati kazembe. Ndinamuimbira Asimenye kuti zatheka, akulu amva, usalembe kanthu. Sindinawerenge zala. Loweruka limenelo linali pa 13 Ogasiti. Masiku khumi ndi anayi ankatha Lachisanu.

Nditafika Loweruka lija tiyi panalibe. Panali laputopu patebulo, zomatamata zija zitamatulidwa, patatsala zipsera za guluu. Anaitembenuzira kwa ine.

"Werengani apa. No objection received. Ganizo ladutsa dzulo, ndipo ndasaina."

"Koma a Tcheya, ine ndinabwera kawiri."

"Munabwera, ndipo tiyi munamwa."

"Ndinakuuzani kuti mwana uja wakana."

"Wakana pati? Ndionetseni pamene analemba."

"Si inu munati asalembe?"

"Ndinati asavutike. Kuvutika ndi kuletsedwa ndi zinthu ziwiri." Anakankha magalasi. "With due respect, a Willie, kuno si kumudzi. Gulu ili lili ndi ndondomeko. Ndime yachisanu ndi chiwiri."

"Nanga chete wa a Percy simunamumve?"

"Chete ndi kuvomera."

"Kuyambira liti, a Dunstan? Inu a ku Zomba, mayi anu akakhala chete bambo anu ankati avomera?"

Aka kanali koyamba kuwatchula dzina lawo m'zaka khumi. Anaimirira n'kunditsegulira chitseko.

Apa ndi pamene ndimawanyozera, ndipo sindidzasiya. Akanakhala mzungu, ndikanati sadziwa. Akanakhala munthu wa kumudzi wosadziwa za malisti, ndikanatinso sadziwa. Koma iwo ankadziwa zonse ziwiri bwinobwino. Anatenga ulemu wathu n'kutimanga nawo manja, kenako n'kutenga lamulo la azungu n'kutikwapula nalo. Kuba kotere kumafuna digiri ziwiri.

Mwezi wotsatira Mboni inadzisintha yokha m'mafoni. Maonekedwe anakongola, panabwera kachizindikiro ka golide. Amayi ankadinabe polowa ndi potuluka monga mwa masiku onse, osadziwa kuti tsopano mboni yawo ikugona kwa abwana. A Dunstan anasindikiza makadi olembedwa kuti ndi Dayirekitala, n'kumagawa ngakhale kwa ana a Sande sukulu.

Mu Okutobala bambo wina wokalamba wa ku Hillsborough anagwa m'bafa masana, n'kukhala pansi mpaka madzulo. Banja linakwiya, ndipo linali ndi chifukwa. Pa ndandanda wa tsikulo panali maulendo awiri, wa m'mawa ndi wa masana. Wa m'mawa unali wa mayi Eneless, ndipo ndinawatula ndine pakhomopo, n'kuwadikira mphindi makumi anayi, n'kuwatenga bamboyo ali bwinobwino pampando akuonera mpikisano wa mahatchi. Wa masana ejensi inaiwala kutumako munthu. Koma pofika Lolemba ndandanda unali utasintha: unkaonetsa ulendo umodzi wokha, wa masana, dzina la mayi Eneless, ndipo akuti sanafike.

Mayi Eneless sanatekeseke. Analowa mu ofesi ndi chikwama chawo cha maluwa, n'kutulutsa foni. "Mboni yanga ili pano." Anadina kuti aonetse za tsikulo. Foni inalemba kuti zolembedwa zanu funsani kwa abwana anu. Abwanawo anayang'ana pa kompyuta yawo n'kunena kuti pepani, palibe chimene chinalembedwa.

Ine ndinapita kukachitira umboni. Anandifunsa ngati ndili pachibale ndi mayiwo. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati timachokera dziko limodzi, ngati timapemphera pamodzi. Analemba kenakake n'kundithokoza chifukwa chobwera.

Anawachotsa ntchito, zaka khumi ndi chimodzi zitathera m'mabafa a makolo a anthu ena, ndi kalata yoti palibe ejensi ina ingawalembe. Tinapita nawo kwa a Dunstan kuti mwina iwo, pokhala a Dayirekitala, angatulutse zolembedwa zija. Anatilandirira pakhonde. Anati ndi zomvetsa chisoni kwambiri, koma malinga ndi mgwirizano zolembedwazo ndi katundu wa kasitomala. Anati, "I will escalate it." Mayi Eneless anandifunsa m'galimoto kuti mawu amenewo akutanthauza chiyani. Ndinati akutanthauza kuti tizipita.

Madzulo a tsiku lomwelo Asimenye analemba pa listi. Ndinamuona akulemba, atakhala kumpando wakumbuyo kwa galimoto yanga. Sanazungulire. Anati mgwirizano umene a Dunstan Kamzati anasaina ndi wolakwika, iye sanauvomereze ndipo sadzauvomereza, ndipo kulakwa kwake iye kunali kukhala chete pamalo pamene chete amawerengedwa mwina. Anati watenga pulogalamu yonse mmene inalili isanasinthidwe, monga chilolezo chake chimalolera aliyense, ndipo apitiriza payekha. Atatumiza anatsegula chitseko n'kusanza m'ngalande. Pasanathe mphindi zisanu a Percy anayankha: "Zikomo kwambiri, Asimenye." Mzungu wa ku Bradford analemba masamba atatu a mawu amene sindingawabwereze pano.

Dzina la Mboni linatsala ndi a Dunstan, pakuti linali lawo pa pepala. Yatsopanoyo anaitcha Ndinalipo. Makiyi ake ali ndi anthu atatu, ndipo ndime ija anaisintha: ganizo silidutsa mpaka aliyense atalemba yekha kuti inde. Galimoto yanga inasanduka ofesi. Mayi aliyense wokwera ndinkamulanda foni kaye, kuchotsa ya golide ija, kuika yatsopano. Ine wa Fomu 2 ndinaika mafoni oposa zana, musandiderere.

Kalata ya maloya a kutsidya inabweradi, ulendo uno pa dzina la Asimenye, itanyamula siginecha ya a Dunstan ngati umboni, ndendende mmene maloya otithandiza aja anachenjezera. Mwanayo anaonda miyezi itatu, poti munthu wokhala m'dziko la eni ndi chitupa cha ntchito samva bwino akaona envelopu ya loya. Maloya aulere aja anayankha, n'kuikamo chithunzi cha wotchi ya alonda. Mpaka lero kampaniyo sinalembenso. Mwina idzalemba, sitidziwa.

Kampani ija sinkafuna a Dunstan, inkafuna anthu amene anali kumbuyo kwawo. Itaona kuti atsala ndi dzina ndi makadi, inasiya kuyankha mafoni awo. Suti ija inayamba kuoneka kutchalitchi sabata iliyonse, ndipo chingwe cha ku inshuwalansi chinabwerera m'khosi.

Pa chikondwerero cha 6 Julaye chaka chotsatira tinasonkhana mu holo ina ku Leeds, anthu ngati makumi asanu ndi awiri. Atatha magule a ana, a Dunstan anatenga maikolofoni, poti utcheya wa zimenezi unali udakali wawo. Anayankhula za umodzi. Anati mutu umodzi susenza denga. Anati akuganiza kuti Mboni ndi Ndinalipo ziphatikizidwe pansi pa utsogoleri wodziwa zinthu, going forward. Kenako anafunsa monga amafunsira nthawi zonse:

"Pali wotsutsa?"

Zii.

Palibe anatsokomola. Palibe anayang'ana pansi. Anthu makumi asanu ndi awiri anangowayang'ana. Mayi Eneless, amene tsopano amapinda nsalu za m'mahotela ku malo ena ochapira ku Rotherham, anali pa mzere woyamba akutafuna chitumbuwa pang'onopang'ono. Anatulutsa foni n'kudina. Ndinawanong'oneza kuti mayi, pano si pantchito. Anayankha mokweza kuti holo yonse imve: "Ndikufuna zilembedwe, a Willie. Asadzanene kuti kunalibe munthu."

A Dunstan anaima ndi maikolofoni ija nthawi yaitali. Malinga ndi ndime yawo ija, ganizo linali litadutsa popanda wotsutsa. Koma munthuyo ndi wa ku Zomba. Anaika maikolofoni patebulo n'kukakhala pansi.

Patapita masabata awiri anandipeza pamalo othirira mafuta. Anagogoda pa windo ndi kachala kamodzi.

"A Willie, achimwene. Inu ndi ine ndife akuluakulu. Nkhani ija ya mwana uja, ndaona kuti tiikonze mwa chikhalidwe chathu. Sindingapite ndekha, mukudziwa. Mundipitire. Mukamuuze kuti ndine wokonzeka kumukhululukira, ndipo ngati pali kampando m'komiti, ngakhale ka mlangizi chabe..."

"Bwanji osalemba pa listi, a Tcheya?"

"Aaa, a Willie. Zinthu za m'banja pa intaneti?"

Ndinavomera. Munthu wamkulu akakutuma sukana. Ndinavala jekete la maukwati n'kupita kwa Asimenye. Anandipatsa tiyi. Tinakamba za kunyumba, za mayi ake ku Karonga, za mpunga wa chaka chino, za bondo langa. Potsanzika pakhomo ndinati, "Mwanawe, ndinali ndi kamawu kochokera kwa akulu ena." Anapinda bondo n'kunena kuti, "Tidzaonanenso, ankolo."

Papita zaka ziwiri tsopano. Ndimapitako kamodzi pamwezi, ndipo masikono ake ndi abwino kuposa a kwa a Dunstan. Lamlungu lililonse loyamba la mwezi a Tcheya amandikokera kumbali kuseri kwa tchalitchi, kukankha magalasi, kutsokomola kawiri.

"Zili pati, a Willie?"

"Tidakali pa malonje, a Tcheya. Nkhani ya akulu siyendera kalendala."